Njere ya Mkombero Wakunja

Sindidziwa ngati zaka zimenezi ndinaziyenda ndi miyendo kapena ndinangozilota nditatsamira chipupa cha eni ake. Zidendene zanga zokha n'zimene zimanditsutsa ndikati anali maloto, chifukwa n'zong'ambika mpaka lero. Dzina musandifunse. Andifunsa ambiri, m'midzi ndi m'matauni, ndipo zonse ndikuuzeni pano ndi yankho lake.

Kwathu kunali mitengo ya bwemba, ndipo msewu unkathera pasukulu. Chaka chimene tinalemba mayeso omaliza a pulayimale, pepala linabwera n'kumatidwa pachitseko cha ofesi. M'kalasi yonse dzina limodzi lokha ndi limene linasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko, ndipo linali langa. Ndinaliwerenga kanayi ndikuloza ndi chala. Kenako ndinapita kukatunga madzi, popeza kunyumba kunali mayi okha, odwala chifuwa, ndipo bulangete limene tinkafunda linali limodzi.

Msuweni wanga Enifa, mwana wa amalume, tinali kalasi imodzi. Iye anali ndi sutikesi yachitsulo, nsapato zakuda, bulangete latsopano, ndowa yosadontha, yunifomu yosoka kale, bambo wa chigayo, ndi mayi wodziwa kuyankhula ndi aphunzitsi. Chimene analibe ndi dzina papepala lija. Masiku amenewo mapepala a sukulu analibe zithunzi, ndiye munthu ankakhala amene wanena kuti ndi iyeyo.

Amalume anabwera panjinga, naitsamiritsa pankhokwe yathu yopanda kanthu.

"Iwe mbumba yanga," anatero, "malo aja ukapanda kupita awapatsa mwana wa eni. Bwanji dzinali lisatuluke m'banja? Enifa apite nalo, iwe uyambe wasamala mlongo wangayu."

Enifa anandigwira dzanja. "Ndikungobwereka, msuweni. Tchuthi chilichonse ndizidzakuphunzitsa zonse zimene ndaphunzira, ndipo ndikamaliza ndidzakubwezera. Ukuganiza kuti ndingalidye?"

Ndinaseka n'kuvomera. Izi ndinene poyera, pakuti ndayesa kuzikumbukira mwanjira ina koma zimakana: palibe anandiopseza. Ndinapereka ndi mtima wonse, ndipo sutikesi ndinamunyamulira ndine mpaka pamsewu.

Tchuthi choyamba anabweradi. Tinakhala pansi pa bwemba, iye n'kusalaza dothi ndi chikhatho, najambula mikombero itatu, wina m'kati mwa unzake.

"Chilichonse ukuchiona," anatero, "mwala uwu, iweyo, ine, n'chopangidwa ndi tinthu tosaoneka totchedwa maatomu. Pakati pa atomu pali phata, ndipo mozungulira mumayenda maelekitironi. Mkombero woyamba umadzaza ndi awiri, wachiwiri ndi asanu ndi atatu."

Anatola njere za bwemba khumi ndi imodzi. Ziwiri anaika m'kati, zisanu ndi zitatu pakati, imodzi yokha kunja. "Uyu ndi sodiyamu." Pambali pake anajambula mikombero ina n'kuyalamo timiyala: tiwiri, tisanu ndi titatu, ndipo kunja tisanu ndi tiwiri. "Uyu ndi kolorini. Watsala ndi kamodzi kuti akwane. Zam'katizi palibe amazikhudza, nkhani zonse za atomu zimachitikira kumkombero wakunja."

Ndinawerenga timiyala takunjato, ndipo sindidziwa chifukwa chake ndinakumbukira sutikesi, nsapato, ndowa ndi zina zija. Ndisananene kanthu, iye ndi zala ziwiri ananyamula njere ya yokha ija n'kuiika pakati pa timiyala.

"Waona? Onse akwana. Koma tsopano si maatomu wamba, asanduka maayoni. M'phata la wopereka muli mphamvu zokoka khumi ndi imodzi, maelekitironi atsala khumi, ndiye timamulemba kamtanda ka kuphatikiza. Wolandirayu amuchulukira ndi imodzi, timamulemba kamzere ka kuchotsera."

"Wataya ndiye mukumulemba kuphatikiza?"

"Usandifunse ine, ndinazipeza choncho. Chachikulu n'chakuti osiyanawa amakokana. Akamatirana sasiyananso, ndipo umenewo ndiye mchere umathira m'ndiwo uja." Anandigunda ndi phewa. "Ngati ife."

Pochoka anamwaza timiyala ndi phazi, koma njere ija anaitola n'kuiponya m'thumba la yunifomu. Khumi zotsalazo ndinazimanga pansonga ya chitenje, ndikukondwa kuti nanenso ndaphunzira za kusekondale.

Tchuthi chachiwiri anabwera ndi mnzake wa kusukulu. Mnzakeyo akaitana dzina lija tinkacheuka tonse awiri, mpaka Enifa anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundipempha kuti ndizikhala ngati sindinamve. Tchuthi chachitatu sanabwere. Amalume anazula chigayo n'kusamukira kutali osatsanzika. Anthu a m'mudzi, amene amalume anawachenjeza kuti asamatchule dzinalo kuopa kuti nkhani ingamveke, anazolowera kundiitana kuti Iwe. Mayi okha ndi amene ankalitchulabe, m'nyumba, motsitsa mawu, ngati kuti akuba ndife. Nthawi ya mvula anamwalira, ndipo kuchokera pamenepo sindinalimvenso likuloza kwa ine. Ndinamanga chitseko ndi chingwe n'kuyamba kuyenda.

Midzi imene ndinadutsa inali yofanana. Paliponse panali mjigo, mtengo wa mthunzi, ndi mayi ataima pakhomo akuitana mwana wake. Ndinkachedwetsa mapazi kuti ndimve dzina lake, kenako n'kupitirira. Potsiriza ndinafika kudera lotentha kumene dothi limatuwa ngati lawazidwa ufa. Kumeneko mayi wina wa zipsera za moto m'manja, a Nasibeko, ankaphika mchere.

"Dzina ndani?" anafunsa.

"Linapita kusukulu."

"Likabwera udzatiuze. Tola chigobacho."

Anandiphunzitsa kupala dothi lapamwamba lokha, kulithira mumphika woboola pansi woyalamo udzu, kuthira madzi, n'kudikira kuti adonthe. Madzi odonthawo ankaoneka ngati madzi ena onse. Tsiku loyamba ndinadandaula kuti tavutika chabe, mchere watayika.

"Talawa," anatero a Nasibeko. "Mchere sutayika m'madzi, mwanawe, umangobisala. Moto ukathamangitsa madziwo uupeza wakhala pansi pa chiwaya."

Ndipo zinali choncho. Madzi akaphwa pankatsala timibulu toyera, ta ngodya zake, togwirana zolimba. Ndinkatitola ndi chala n'kumaona sodiyamu ndi kolorini atapezananso, ndipo mtima unkakhala pansi. Ndinkati Enifa wangobisala, sukulu ndi madzi chabe, idzaphwa. Aliyense wobwera kudzagula mchere ndinkamutuma kuti akamva za msuweni wanga akamuuze kumene ndili. Zaka za sukulu yake zinakwana, ndinamuwonjezera zina zaulere, koma panjira sipanatulukire munthu wa sutikesi yachitsulo. Tsiku lina bambo wa njinga anati dzina lotero analimva kutauni ya malole. A Nasibeko anandimangira kathumba ka mchere wa paulendo.

Tauni ya malole inali msewu umodzi wautali wonunkha dizilo. Dzina lija analimvadi, koma mwini wake, anatero anthu, anamaliza kalekale n'kupita kukoleji. Mawu akuti mwini wake anandilasa, komabe ndinathokoza. Ndinapeza ntchito kwa a Jelasi, otchaja mabatire pakhonde la sitolo yotsekedwa. Bambo ameneyu sekondale anailawa zaka ziwiri n'kuisiya, ndipo sankatha tsiku osaitchula.

"Dzina ndani?"

"Ndinabwereketsa."

"Ndiwe wolemera, ife timabwereketsa sipanala basi. Tenga nsanzayo upukute mitu ya mabatire."

Tsiku lina masana kunalibe anthu, ndipo anandipeza nditajambula mikombero padothi lakuda ndi oyilo, njere zanga khumi zili m'malo mwake. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ziwiri, zisanu ndi zitatu, kunja kulibe. Ameneyu ndi sodiyamu amene wapereka kale. Anakuphunzitsa ndani?"

"Amene anatenga yakunjayo."

Anatenga batire, babu laling'ono ndi mawaya, nsonga ziwiri n'kuziviika m'kapu ya madzi a mvula, zosakhudzana. Babu silinayake. Anapempha mchere wanga uja, natsina pang'ono, navundula ndi kamtengo. Babu linayamba kufiira, kenako linayaka.

"Mchere ukakhala wouma, maayoni amakhala atagwirana, sayenda," anatero. "Ukalowa m'madzi amasiyana. Madzi amazinga aliyense payekha, wa kuphatikiza amalowera kuwaya uyu, wa kuchotsera kuwaya uyo. Kuyenda kwawoko ndiye kwatsegulira magetsi njira."

"Anandiuza kuti sasiyananso."

"Anakuuza za mchere wa m'botolo."

"Nanga posiyanapo, wolandira uja amabweza?"

A Jelasi anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka. "Sabweza. Amapita nayo. Akanati azibweza sakanakhala maayoni, ndipo babuli silikanayaka."

Ndinayang'ana kuwala kuja, dzuwa likuswa mtengo, kuwala kopanda ntchito, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakwiya. Kwa a Nasibeko ndinkaona awiriwo akupezananso, koma sindinadzifunse kuti popezanapo njere ili m'thumba la yani. Enifa anaphunzira tsamba limeneli, mwina chaka chomwecho, ndipo ndi tsamba limene sanabwere kudzandiphunzitsa. Ndinakhala kwa a Jelasi mpaka asidi anadya zitenje zanga zonse kupatula cha njere, kenako ndinakwera lole ya matabwa.

Mzinda unali ndi misewu yobwerera pamene yayambira. Ndinazungulira masiku ambiri, ndikufunsa pazipata za masukulu, alonda n'kumandiloza kuchipata china. Kuseri kwa msika ndinapeza a Dziweni, amene ankakuta zitsulo ndi mkuwa: ndolo, makiyi, zikho za mpira, timabaji. Mkazi wawo anali atamwalira, iwo anali ofatsa, ndipo zikhadabo zawo zinali zobiriwira.

"Dzina ndani?"

"Ndikulifunafuna."

"Pofunafunapo uzidya. Tsuka makiyiwo ndi phulusa, pasatsale mafuta."

M'beseni lawo munali madzi a buluu. "Mtunduwu ndi mkuwa umene unapereka maelekitironi ake awiri," anandiuza. "Ukuyendayenda m'madzimu, wasanduka ayoni." Ankamangirira kiyi kuwaya wa kuchotsera, chidutswa cha mkuwa kuwaya winayo, n'kulumikiza batire. Pang'onopang'ono kiyi ankafiira. "Ayoni akafika pakiyi, waya amamupatsa awiri, iye n'kukhalanso mkuwa weniweni, n'kukhazikika pomwepo."

Ndinasendera pafupi ndi beseni. "Ndiye kuti zimabwerera."

"Zimabwerera."

"Omwe aja anaperekawo?"

"Ayi, ena. Elekitironi ilibe nkhope, mayi, iliyonse imakwana."

Patapita nyengo zingapo a Dziweni anandiuza, maso ali m'beseni, kuti dzina lawo lili ndi malo, ndikhoza kumatchedwa Mayi Dziweni. Anali munthu wabwino, ndipo ndinayesa. Anthu a pamsika ankandiitana choncho, ine n'kumayankha mochedwa, nditayamba ndayang'ana kumbuyo kuti ndione amene akuitanidwa. Mkuwa umalandira iliyonse, koma ine zinandikanika. Langa linali limodzi, anandipatsa mayi, ndipo ndinkadziwa amene ali nalo.

M'mawa wina munthu anabweretsa kachitsulo kozokota koti tikakute, mphatso ya mphunzitsi wa sayansi amene wakwanitsa zaka makumi awiri pasukulu ina ya paphiri. Ndinakatsuka ndi phulusa osawerenga. Nditakaviika m'madzi a buluu, zilembo zinayamba kuoneka chimodzichimodzi, dzina lonse, ndi la bambo anga lomwe. Ndinaliwerenga kanayi ndikuloza ndi chala. Ndinauza a Dziweni kuti ndikapereka ndekha. Anandiyang'ana, nakulunga kachitsuloko m'nyuzipepala, nati pakhomo pawo ndi pakhomo panga. Tonse tinkadziwa kuti sindibwerera, ndipo bambo ameneyu ndinamulakwira.

Pachipata cha sukuluyo panali mlonda ndi buku la alendo. "Apa dzina lanu, apa la amene mwawadzera." Ndinalemba dzina limodzi mbali zonse ziwiri. Ndinali ndisanalilembe chichokereni kupulayimale.

"Mwalakwitsa, mayi," anatero mlonda, nakhwatcha la kumanzere. "Apa mudzalemba potuluka."

Msuweni wanga ndinamupeza m'chipinda cha mabotolo, ana atatuluka, akufufuta bolodi. Mikombero inali idakalipo, ya choko, ndi muvi wochoka pakadontho kakunja kupita kwa mnzake. Anali atanenepa, imvi zitayamba, koma phewa limene anandigunda nalo lija linali lomwelo.

"Enifa," ndinaitana.

Sanacheuke. Sikuti ankanamizira, dzinalo linangomudutsa. Ndiye ndinaitana langa, likumveka lachilendo pakamwa panga, ndipo anatembenuka nthawi yomweyo.

"Ndikuthandizeni, mayi?"

Ndinaika kachitsulo patebulo. Kenako ndinamasula nsonga ya chitenje n'kuyala njere, ziwiri, zisanu ndi zitatu. Zinali zitada ndi kusalala chifukwa cha zaka. Anaziyang'ana, nayang'ana ine, napita kukatseka chitseko.

"Msuweni," ananong'ona. "Uli moyo."

"Ndadzatenga yakunja ija."

Anakhala pampando. "Ndikubwezere bwanji? Lili pamasatifiketi, lili pachikalata cha ukwati, ana anga atatu amadziwa kuti ndi la mayi awo. Likachoka ntchito yatha, zonse zagwa. Tinali ana, msuweni. Anakonza ndi bambo, ndipo bambowo anatisiya."

"Sutikesi ndinanyamula ndine, sindikukana. Koma amene anati ndikungobwereka si amalume."

Anatambasula dzanja n'kukhudza njere. "Taona, ziwiri ndi zisanu ndi zitatu. Wopereka naye amakwana, amakhazikika. Ndimaphunzitsa zimenezi chaka chilichonse."

Ndinavula patapata n'kumuonetsa chidendene. Anayang'ana kumbali.

"Mapepala khala nawo," ndinatero. "Ntchito khala nayo. Kachitsuloka ndakuta ndekha, nkako. Ndikupempha chimodzi. Unditchule dzina langa kamodzi, pano, chitseko chili chotseka. Amene ankalidziwa anatha, watsala iwe wekha."

Milomo yake inasuntha. Ndinaiona ikukonzeka kutulutsa chilembo choyamba, ndipo ndinaimirira bwino, manja m'mbali, ngati mwana pamzere wa m'mawa. Pamenepo wina anagogoda n'kutsegula. Anali mphunzitsi mnzake, mayi wa magalasi atanyamula makope, akuitana dzina lija. Tinayankha tonse awiri.

Mayiyo anaseka. "Kodi muli ndi dzina limodzi ndi alendowa?"

Akanangoti inde, palibe chikanagwa. Mayina amafanana, ngakhale m'banja limodzi, ndipo mayi wa magalasiyo akanaiwala asanafike kuofesi. Mawu amodzi, aafupi, osalembedwa papepala lililonse. Ndinamuyang'ana msuweni wanga, ndipo iye anayang'ana kachitsulo kaja.

"Ayi," anatero. "Ndi msuweni wanga wa kumudzi, samva bwino. Dzina lake ndi Enifa."

Mayiyo anandisendera pafupi n'kukweza mawu. "Muli bwanji, mayi Enifa?"

Ndinagwira dzanja lake ndi manja awiri, chifukwa mayi anandilera bwino. Msuweni wanga anali akukankhira njere zija kwa ine ndi m'mphepete mwa kope, osandiyang'ana. Sindinazitole. Ndinamva kuwawa kumene sindinakumve tsiku la maliro a mayi, pakuti imfa sinandigwirepo dzanja n'kundilonjeza kanthu. Anatenga langa, ndipo tsopano wandiponyera lake limene analitaya yekha.

Pachipata mlonda ananditsegulira buku. "Apa padakali popanda kanthu, mayi."

"Pasiyeni choncho."

Ndinayamba kutsika phiri, nsonga ya chitenje ili yomasuka, yopepuka. Njira inali yomwe ija ya masiku onse, yothera pamudzi wina pamene munthu wina adzafunsa funso lake n'kundipatsa chogwira. Ndinadziuza kuti ndathana naye, kuti palibenso chondikokera kwa iye, ndipo ndinadzikhulupirira mtunda wonse mpaka pakamlatho. Pamenepo belu linalira kumtunda, ndipo kuseri kwa mpanda wina anaitana dzina lija mokweza, lonse, ndi la bambo anga lomwe. Ndinkadziwa bwino kuti sakuitana ine. Khosi langa linacheuka.